Sitima za malasha za ku Wales: chakale n'chiti, chatsopano n'chiti?

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Manchester. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Patchuthi chapitachi ndinatenga ana kupita ku Wales, ndipo tinakwera sitima ya malasha yochoka ku Caernarfon kupita ku Porthmadog. Anatiuza kuti ndi njanji yakalekale. Koma nditacheza ndi woyendetsa, anati injiniyo inachokera ku South Africa, ndipo bogi imene tinakhalamo inkanunkha penti watsopano. Mwana wanga wachisamba akuti anthuwa anangotidyera ndalama. Kodi sitima zimenezi n'zakaledi, ndipo munthu angadziwe bwanji? Chinanso, ndimakumbukira injini ija ili pabwalo la nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri. Ine ndi anzanga kuno tikuganiza zosonkha ndalama kuti iyendenso. Kodi n'zotheka?"

Zikomo bambo, ndipo mnyamata wanuyo mumuyamikire, maso ake ndi akuthwa. Koma mumuuzenso kuti ndalama zanu sizinapite pachabe. Zonse ziwiri zimene anaonazo n'zoona: injiniyo inagwiradi ntchito ku South Africa, ndipo bogi munakhalamoyo iyenera kuti inapangidwa zaka zaposachedwapa. Eni njanjizo sabisa zimenezi, kungoti munthu wobwera ndi ana kwa tsiku limodzi sapeza mpata wowerenga zikwangwani. Ine ndakalambira m'magalaja a sitima, ndipo ndikuuzeni poyambirira pomwe kuti injini ya nthunzi imene ikusuta utsi lero singakhale ndi zitsulo zonse zimene inatuluka nazo kufakitale. Ikanakhala nazo, bwenzi ili duu m'nyumba yoonetsera zakale. Choncho chofunika kufunsa pa injini kapena bogi iliyonse n'chakuti inachokera kuti, anaisintha chiyani, ndipo zinalembedwa pati.

Tiyambe ndi njanji munakwerayo, Welsh Highland. Njanji yakaleyo inali yosauka chibadwire. Inatsegulidwa yonse mu 1923, inasiya kunyamula anthu mu 1936, ndipo zitsulo zake anazizula m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Pa mainjini ake onse inapulumuka imodzi yokha, Russell, yopangidwa ndi kampani ya Hunslet ku Leeds mu 1906, ndipo imasungidwa ndi gulu lina ku Porthmadog komweko. Anthu ataganiza zoyalanso njanjiyi, ntchito imene inayamba kunyamula anthu mu 1997 n'kutha mu 2011, analibe choti ayendetsepo. Ndipo mtunda wake si wamasewera: makilomita 40, makhota othina, ndiponso zitunda zakuti pa mamita 40 alionse njanji imakwera mita imodzi. Kainjini ka msinkhu wa Russell sikangakoke mabogi khumi odzaza alendo pa chitunda chotero tsiku ndi tsiku. Ku Britain konse kunalibe injini yamphamvu choncho ya njanji yopapatiza chonchi. Ku South Africa zinaliko, ndipo zinali zikutha ntchito.

Injini inakukokaniyo ndi ya mtundu wa Garratt, gulu lotchedwa NGG16. Mukaikumbukira bwino, boyila, chithanki chowiritsira madzi kuti pakhale nthunzi, ili pakati, yolenjekeka pa felemu, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo kuli timainjini tiwiri, kalikonse ndi mawilo ake ndi mapisitoni ake, ndipo kamatembenuka pakokha pokhota. Thanki ya madzi ili kutsogolo, malasha ali kumbuyo. Mapangidwe amenewa amalola boyila yonenepa pa njanji yowonda, kulemera kwake n'kugawika pa mawilo ambiri. Amene anakulira ku Bulawayo kapena m'mbali mwa njanji ya ku Zambia amawadziwa bwino akuluakulu ake a mainjini amenewa. A ku Wales ndi ang'onoang'ono awo, koma iliyonse imalemera matani pafupifupi 60. Ziwiri zoyamba kufika, nambala 138 ndi 143, zinachokera pa njanji ya pakati pa Port Shepstone ndi Harding ku KwaZulu-Natal, kumene zinkakoka nzimbe ndi mitengo. Pano pali nkhani yoti mumuuze mnyamata wanu: zonse ziwiri zinapangidwa mu 1958 ku Gorton, mu Manchester momwe mukukhalamo, ndi kampani ya Beyer Peacock, ndipo 143 ndiyo Garratt yomaliza imene kampaniyo inapanga. Yoyamba yeniyeni, K1 ya 1909, inapangidwanso komweko kupita ku Tasmania, inabwerera ku Britain mu 1947, ndipo inayendapo pa njanji yomwe munakwerayo. Pa ma Garratt a njanjiyi, nambala 87 yokha ndi ya ku Belgium, ya kampani ya Cockerill, ya m'ma 1930. Ndiye ngati mukufuna msinkhu, injiniyo ili ndi zaka zoposa 60, kapena pafupifupi 90. Chimene ilibe ndi mbiri ya ku Wales isanafike 1997.

Njanji zopapatizazi zinayamba chifukwa cha miyala ya sileti, yofolerera nyumba, imenenso ankapangira masileti olembapo kusukulu. Migodi yake inali m'mapiri, madoko ali kunyanja, ndipo njanji yaikulu ya mamilimita 1,435 ikanafuna kuboola mapiri mokwera mtengo. Njanji yowonda imakhota msanga, imangotsata mbali ya phiri. Ya Ffestiniog, imene imakumana ndi yanuyo ku Porthmadog, ndi ya mamilimita 597, ndipo inatsegulidwa mu 1836 yopanda injini iliyonse. Ngolo zodzaza miyala zinkatsika zokha kuchokera ku Blaenau Ffestiniog, anthu atakhala pamwamba kugwira mabuleki, mahatchi nawo atakwera ngolo yawo kumbuyo, kuti akafika kumunsi akokere ngolo zopanda kanthu kumtunda. Mainjini anayamba kubwera mu 1863 kuchokera kwa George England ku London, ndipo ena a iwo akadalipo: Prince, Princess, Palmerston, ndi Welsh Pony ya 1867.

Prince ndiye chitsanzo chabwino cha funso lanu. Akamati injini ya 1863, amanena zoona, chifukwa palibe tsiku limene Prince inatayidwa n'kupangidwa ina. Koma chithunzi cha 1863 ndi Prince ya lero n'zosiyana. Inabwera ndi mathanki m'mbali, yopanda kanyumba ka woyendetsa. Lero thanki ili pamsana pa boyila, kanyumba kalipo, boyila inasinthidwa kangapo. Zambiri mwa zosinthazi anazichita eni akale omwewo, injini ikadali pantchito yokoka miyala, osati anthu osunga zakale. Zili ngati njinga ya kabaza imene mwini wake akuti anagula ali mnyamata: matayala, tcheni, chishalo, mwina ndi foloko yomwe, zonse n'zina, koma njinga ndi yomweyo, ndipo onse pasiteji amaidziwa. Palmerston nayo inafika poti anaichotsa pa njanji n'kuisandutsa boyila yongoima m'galaja, koma inayendanso mu 1993. Welsh Pony inagona zaka pafupifupi 80, n'kudzayendanso mu 2020, ndi zitsulo zambiri zatsopano.

Chimene chimakakamiza zonsezi ndi boyila. Anthu amaona penti ndi mkuwa wonyezimira, koma moyo wa injini uli m'kati. Chibokosi cha moto chili ndi makoma awiri, lamkati ndi lakunja, pakati pake pali madzi, ndipo makomawo amamangidwa ndi timabawuti mazanamazana. Moto ukayaka chitsulo chimafufuma, ukazima chimabwerera, ndipo patapita zaka timabawutito timayamba kuthyoka kamodzikamodzi, m'kati mosaoneka. Woyeza boyila amalowa m'chibokosimo kutazizira, nyundo yaing'ono m'manja, n'kumagogoda mutu uliwonse. Kabawuti kabwino kamalira ngwee, kothyoka kamangoti phu, ndipo amaika choko pamenepo. Madzi nawo amasiya zoyera zouma pa mapaipi, zimene zimatchinga kutentha mpaka chitsulo kupsa. Kunsi, kumene matope amakhazikika, dzimbiri limadya khoma mpaka kupyapyala. N'chifukwa chake ku Britain boyila imayezedwa chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka pafupifupi khumi amaizula pa felemu, kuchotsa mapaipi onse, n'kuiona paliponse. Akatha kukonza amaidzaza madzi ozizira n'kupopera mphamvu yoposa imene imagwirira ntchito, kuti ngati pali poti paphulike, patuluke madzi osati nthunzi. Boyila ikalephera, pali njira ziwiri: kuika yatsopano, kapena kuiimika injiniyo. Gulu lililonse losunga sitima linakanganapo pa nkhani imeneyi, ndipo mkangano wake sutha.

A Ffestiniog anapita patsogolo n'kuyamba kupanga mainjini atsopano. Njanjiyi imadziwika ndi mainjini a nkhope ziwiri, a mtundu wa Fairlie, okhala ndi chumuni mbali zonse, woyendetsa ndi wosonkha moto ataima pakati. Yoyamba, Little Wonder, inabwera mu 1869. Merddin Emrys inapangidwa mu 1879 m'galaja lawo la Boston Lodge, ndipo ikugwirabe ntchito. M'galaja lomwelo munatuluka Earl of Merioneth mu 1979, David Lloyd George mu 1992, ndi James Spooner mu 2023. Ena amati zimenezi n'zongoyerekeza. Ine sindivomereza. Galaja ndi lomwelo, njanji ndi yomweyo, ntchito yokoka anthu kukwera phiri ndi yeniyeni, ndipo luso lopanga injini likapanda kugwiritsidwa ntchito limafa pamodzi ndi amisiri ake. Chimene ndingadandaule nacho ndi pokhapokha wina atakuuzani kuti James Spooner ya lero ndi ija ya m'ma 1870. Dzina lokha ndilo anatengera.

Ngati mnyamata wanu akufuna kuona sitima imene yasintha pang'ono kwambiri, mupite naye ku Tywyn, pa njanji ya Talyllyn. Imeneyi ndi ya mamilimita 686, inayamba mu 1865, ndipo inagula mainjini awiri okha kwa Fletcher Jennings ku Whitehaven: Talyllyn ya 1864 ndi Dolgoch ya 1866. Inagulanso mabogi anayi a anthu ndi imodzi ya gadi. Kwa zaka zoposa 80 sinagulenso china, chifukwa ndalama panalibe. Umphawi umenewo ndi umene unasunga zinthu. Mwini wake, Sir Henry Haydn Jones, atamwalira mu 1950, gulu la anthu ongodzipereka, mmodzi wa atsogoleri ake Tom Rolt, linatenga njanjiyi mu 1951, ndipo inakhala yoyamba padziko lonse kupulumutsidwa motere. Mainjini awiriwo ndi mabogi asanuwo zonse zilipo, ndipo masiku ena amazilumikiza pamodzi n'kuziyendetsa. Mukakakwera, muone zitseko: zimatseguka mbali imodzi yokha. Woyendera njanji wa boma, asanalole kuti anthu azikwera, anapeza kuti pansi pa milatho ndi pothina. M'malo mogwetsa milatho, eni ake anasunthira njanji mbali imodzi n'kukhoma zitseko za mbali yothinayo, ndipo zili choncho mpaka lero. Komabe ngakhale Dolgoch ili ndi boyila ya 2011.

Gulu la Talyllyn ndi limenenso linayambitsa mwambo wotola katundu wa njanji zina. Mu 1951 injini yoyenda inali Dolgoch yokha, yotopa, ndiye anagula ziwiri za njanji yoyandikana nayo ya Corris, imene inatsekedwa mu 1948. Imodzi, imene anaitcha Sir Haydn, ndi ya 1878, koma a Corris anali ataipanga kale pophatikiza ziwalo za mainjini atatu ofanana. Itafika inkangogwera pakati pa njanji, chifukwa zitsulo za Talyllyn zinali zotalikirana pang'ono kuposa muyezo, mawilo ake ali opyapyala. A Ffestiniog anakumana ndi zomwezo mu 1962 atabwereka Linda ku mgodi wa Penrhyn, kumene njanji inali yocheperapo ndi mamilimita osakwana 20: inagwa pa njanji ikukoka anthu, mpaka anakonza mawilo ake. Ndikutchula izi kuti muone kuti kusamutsa injini si kungoikweza pa lole. Muyezo wa mawilo, kutalika kwa zolumikizira, mtundu wa mabuleki, msinkhu wa chumuni pansi pa milatho, zonse zimafuna kusintha, ndipo kusintha kulikonse kumawonjezera mutu wina pa mbiri ya injiniyo.

Tsopano za mabogi, pamene mnyamata wanu anakodwa. Injini ndi chitsulo, imatha kugona kunja zaka makumi angapo n'kudzukanso. Bogi yakale ndi matabwa, denga lake la nsalu yopakidwa penti. Dengalo likangong'ambika, mvula ya ku Wales imalowa m'mizati ya m'makona, ndipo pakatha zaka zochepa mukalowetsa sikuludiraiva imangomira. Komanso njanjizi zinapangidwira miyala. Mabogi a anthu anali owerengeka, ang'onoang'ono, mipando yake yolimba. A Ffestiniog akadali ndi timabogi tawo ta m'ma 1860, tatifupi kwambiri, anthu okhala mofulatirana pamwamba pa mawilo kuti kasagubuduke, ndiponso mabogi nambala 15 ndi 16 a 1872, amene anali m'gulu loyamba ku Britain kukhala pa timangolo ta mawilo totembenuka. Koma simungaike banja lokhala ndi khanda, kapena munthu wa njinga ya olumala, m'kabogi kotero kwa maola awiri ndi theka. Ndiye amapanga atsopano ku Boston Lodge, otakasuka, okhala ndi chimbudzi ndi zotenthetsa, ndipo akalewo amawatulutsa pa masiku a zikondwerero. Ndalama za tikiti yanu pa bogi yatsopanoyo ndi zimene zimalipira kalipentala wokonza yakaleyo.

Njanji ina, ya Welshpool ndi Llanfair, inalibiretu bogi ya anthu ngakhale imodzi. Mainjini ake awiri a 1902, The Earl ndi The Countess, analipo, koma mabogi anaphwanyidwa m'ma 1930 itasiya kunyamula anthu. Gulu litaitsegulanso mu 1963 linachita kupempha kunja. Ena anachokera ku Zillertal ku Austria, ena ku Hungary, ndipo mu 1975 anakatenga injini ndi mabogi anayi ku Sierra Leone, njanji ya dzikolo itangotsekedwa. Pambuyo pake anapangitsa mabogi atatu ofanana ndi oyambirira aja, potsata zojambula ndi zithunzi. Palinso mabogi amene anapulumuka chifukwa alimi anagula matupi ake n'kuwasandutsa makola kapena tinyumba ta m'munda. A Talyllyn ali nayo ya Corris imene anaipeza choncho, ndipo a Lynton ndi Barnstaple ku Devon, njanji imene inatsekedwa mu 1935, amanganso mabogi angapo mozungulira zidutswa zotoledwa m'minda. Pa bogi yotero, chakale chingakhale chitseko, mizati ingapo ndi zogwirira zamkuwa. Amisiri abwino amalemba thabwa lililonse limene asunga.

Nanga mungadziwe bwanji? Yambani ndi chikwangwani cha fakitale, kachitsulo kamkuwa kamene kamakhala pambali pa kanyumba ka woyendetsa. Pamakhala dzina la kampani, nambala ya kufakitale ndi chaka. Nambala ya kufakitaleyo ndi yodalirika kuposa dzina kapena nambala yaikulu yopentedwa, chifukwa zimenezo zimasintha ndi mwini. Kenako, ngati akulolani kuyandikira injini itaima, yang'anani pa zitsulo zopalasa mawilo. Nthawi zambiri pamakhala manambala okhomedwa ndi chidindo, ndipo pa mainjini a ku South Africa musadabwe kupeza nambala ya injini ina, chifukwa magalaja akuluakulu ankasinthanitsa ziwalo, ngakhale maboyila, kuti injini ituluke msanga. Ngakhale mabuku a kampani amafunika kuwawerenga mochenjera. Pa njanji ya Vale of Rheidol ku Aberystwyth, injini nambala 9 inalembedwa kwa zaka zambiri kuti ndi ya 1902 imene anangoikonzanso, koma ofufuza anapeza kuti inapangidwa yatsopano ku Swindon mu 1924, ndipo mawu akuti kukonzanso anali a m'mabuku a ndalama chabe. Njira yapafupi kwa inu ndi kufunsa anthu ongodziperekawo. Musafunse woyendetsa sitima ili pafupi kunyamuka, maso ake ali pa madzi a mu boyila. Dikirani kumapeto kwa ulendo pamene akumwetsa madzi, n'kufunsa kuti boyilayi ndi ya chaka chanji. Mudzatopa ndinu.

Tifike kumudzi. Injini mukuikumbukira ku Chichiri ndi Shamrock, ndipo inzake, Thistle, ili pa siteshoni ya Limbe. Ndi mainjini awiri oyamba a Shire Highlands Railway, njanji imene inalumikiza Port Herald, ku Nsanje, ndi Blantyre mu 1908, ndipo anapangidwa ndi W. G. Bagnall ku Stafford. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, yocheperapo poyerekeza ndi ya ku Britain, koma pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Wales ija, ndiye zida za kumeneko sizingakwanire. Njanji yofanana ndi ya ku Wales inaliko kufupi nafe, yochoka ku Beira kukafika ku Mutare mu 1898, koma anaikulitsa mu 1900. Timainjini take, totchedwa Lawley, tambiri tinapangidwa ku Loughborough, pa fakitale yomweyo imene inatulutsa Sir Haydn, ndipo tina tikuyendabe ku Sandstone ku Free State, ku South Africa.

Kodi Shamrock ingayendenso? Ndi ndalama zokwanira, injini iliyonse ingayende. Koma ndikanakhala nanu pamsonkhano wanuwo, ndikanakuuzani kuti musayambire pamenepo. Injiniyo si ya gulu lanu, ndi chuma cha dziko chimene chili m'manja mwa oyang'anira nyumba yosungiramo zakaleyo, ndipo popanda chilolezo chawo cholembedwa simungamasule ngakhale nati imodzi. Injini imene yaima kunja zaka zambiri kawirikawiri imafuna boyila yatsopano, ndipo mtengo wake si wa kagulu ka anzanu ochepa. Ikatha kukonzedwa iyenera kukhala ndi poyenda, pamene njanji yathu ndi ya sitima za katundu za kampani imene ili ndi malamulo ake. Pafunika malasha abwino, madzi osamalidwa, inshuwalansi, woyendetsa ndi wosonkha moto ophunzitsidwa, ndipo pakatha zaka khumi ntchito ya boyila imayambiranso. Ndaonapo magulu amtima wabwino amene anamasula injini yonse, ndalama n'kutha, atsogoleri n'kubalalika, ziwalo n'kutsala mbwee pansi mpaka ogula zitsulo zakutha anatola. Injini yosamasula ikanakhalapo mpaka lero. Ndipo pali mfundo ina imene kwa ine ndi yolemera: mainjini a mtundu wa NGG16 anapangidwa 34, ndiye kusintha boyila ya imodzi sikutaya mbiri, koma oyamba a njanji ya Malawi ndi awiri okhawo. Mukachotsa chitsulo chakale, mwachotsa umboni.

Ndalama mungasonkhezo zingachite zambiri pa ntchito zosatchuka. Denga la malata pamwamba pa injini limachita zoposa penti wa zaka khumi. Chivindikiro pa chumuni chimaletsa mvula kulowa kutsogolo kwa boyila, kumene phulusa lonyowa limadya chitsulo msangamsanga. Mafuta pa zitsulo zoyera, ngalande yochotsa madzi pansi pake, chikwangwani cha Chichewa ndi Chingerezi chofotokoza mbiri yake, zithunzi za chidindo chilichonse chimene chili pa ziwalo zake, zonsezi n'zotheka ndi ndalama zochepa. Ndipo ku Limbe, ku Balaka, ku Salima ndi ku Nsanje kukadali madala amene anagwira ntchito pa sitima za malasha. Kujambula mawu awo pa foni n'kofulumira kuposa china chilichonse, chifukwa akutha. A ku Sierra Leone anachita zofanana ndi zimenezi: mainjini ndi mabogi amene anatsala m'galaja ku Cline Town ku Freetown anawayeretsa n'kutsegula nyumba yoonetsera sitima mu 2005, osadikira kuti ayende.

Pali zinthu ziwiri zimene musachite nokha ngakhale atakulolani. Musakanganule malata ophimba boyila. Pansi pake pa mainjini akale pamakhala asibesitosi, zoyera ngati thonje, ndipo fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo amene amaonekera patapita zaka makumi angapo, opanda mankhwala. Mukaona zoyera zikutuluka m'mphepete mwa malata, musasese, musakhudze, uzani oyang'anira kuti aitane anthu ophunzitsidwa kuchotsa zimenezi. Chachiwiri, munthu asayerekeze kusonkha moto kapena kupopera mpweya m'boyilamo kuti aone ngati ikugwira. Boyila yodyeka ikaphulika imapha aliyense ali pafupi. Woyenera kunena za boyila ndi woyeza maboyila wovomerezeka, wokhala ndi makina oyezera kukhuthala kwa chitsulo. Kwathu anthu otere amapezeka, chifukwa mafakitale a shuga ndi a tiyi amagwiritsa ntchito maboyila. Penti wakale nayenso akhoza kukhala ndi mtovu, ndiye kupala kumafuna chophimba kumphuno choyenera.

Popeza muli ku Manchester, muli ndi mwayi umene ambiri alibe. Njanji zambiri za ku Wales ndatchulazi zimalandira anthu ongodzipereka, ndipo safuna kuti mukhale makaniko. Amayamba kukupatsani sanza ndi palafini kuti mupukute mawilo, kapena kuchotsa phulusa m'dzenje, ndipo pakapita miyezi mumayamba kuona nokha kuti kusunga injini imodzi kumadya chiyani. Ali ndi magulu a achinyamata, ndiye mnyamata wanuyo mufunse zaka zimene amalola n'kupita naye. Mmodzi kapena awiri a gulu lanu achite zimenezi kwa chaka, kwinaku mukulembera kalata oyang'anira ku Chichiri yofunsa chimene iwo akuona kuti chikusowa pa injiniyo. Ndalama musayambe kusonkha yankho lawo lisanabwere, ndipo zikayamba kusonkhedwa, zikhale ku akaunti ya gulu yosayinira anthu awiri kapena atatu.